Kamlongoti ka Maginito pa Denga la Citsulo

 Nkhani yanga ya lero iri ya kanthu kakang'ono, kosaposa cikhatho ca munthu m'litali mwace, kamene ena a inu munakaonapo pa denga la galimoto, kataima njo ngati msomali. Anthu amakacha eriyo. Ndiko kamlongoti kokoka mafunde a lamya za m'manja, ndipo kunsi kwace kuli maginito amene amakagwiriza ku citsulo. Ine ndinayamba kukalemekeza kanthuka caka catha, tsiku limene ndinapita kukaona azakhali anga ku Kanyama.

Azakhali angawo ndi mai wamasiye. Nchito yao ndi ija ya kutumiza ndi kulandira ndalama pa lamya, ndipo ana anai amadya ndi kupita ku sukulu ndi phindu la nchito imeneyo. Poyamba anali kugwirira m'kanyumba ka matabwa m'mbali mwa mseu, koma atawabera kawiri anacita lendi cipinda ca citsulo cokhacokha, ca mtundu uja tiucha kontena, cokhala ndi kazenera kamodzi ka mipiringidzo. Akuba analekadi. Koma m'malo mwa akuba munalowa bvuto lina. Munthu akabwera kudzatenga ndalama, lamya ya azakhali inali kungoti zii, ndipo iwo anali kuturuka panja, nakweza dzanja m'mwamba ngati munthu wolumbira m'bwalo la milandu, ndalama atazisiya m'kati. Anthu a m'tauni sadziwa kudikira. Ambiri anali kungooloka mseu kupita kwa mnzao wa tsidya lija.

Ndinawapeza atakhumudwa. Iwo anati, "Iwe mwana wanga, si iwe ugwira nchito ya wailesi? Tandiuza, ndani wanditsekera mau m'nyumba muno?" Ine ndinati, "Azakhali, palibe munthu wakucitani cipongwe. Cakutsekerani mau ndi citsulo comwe cija cinatsekera akuba."

Tsono ndifuna kukufotokozerani inunso cimene ndinawafotokozera iwo, pakuti bvuto lao liri m'nyumba zambiri za m'makomboni mwathu.

Lamya ya m'manja ndi wailesi ndithu, kungoti ndi wailesi yodziwa kuyankha. Imalandira mafunde ocokera ku mlongoti waukuru wa kampani, nibwezanso mafunde ace kumeneko. Mafunde amenewa saoneka, koma m'makhalidwe ao alingana ndi kuwala, ndipo amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi monga kuwala komwe. Amapyola udzu, matabwa ndi galasi mosabvuta. Pa khoma la njerwa kapena la mabuloko amapyola, koma atafooka. Akafika pa citsulo amanjanja, nabwerera monga kuwala kumabwerera pa kalirole. Mzungu wina wa ku England, dzina lace Michael Faraday, anasonyeza m'caka ca 1836 kuti mphamvu ya magetsi ya kunja siilowa m'cipinda cokutidwa ndi citsulo mbali zonse. Kontena ya azakhali inali cipinda cotero. Nyumba zathu za malata siziri cimodzimodzi kwenikweni, cifukwa ziri ndi zitseko ndi mazenera, komabe onani m'mene tamangira: denga la malata, mipiringidzo pa mazenera, citseko ca citsulo, ndi nyumba ya mnzathu pafupi zedi kotero kuti mbuzi yonenepa siingapite pakati. Ku Kanyama dziko liri lacidikha, palibe citunda coti munthu akwerepo. Mafunde adzalowera kuti?

Yankho lace makolo athu analidziwa kale. Agogo anga amuna, amene analowa m'nyumba za ku Matero zikali zatsopano, anali ndi wailesi ija yochuka ya Saucepan Special. Wailesi imeneyo inafika m'dziko muno m'caka ca 1949. Bambo Harry Franklin, amene anali mkuru wa za nkhani m'boma la nthawi ija, ndiwo anaumiriza kampani ya Ever Ready ku England kuti ipange wailesi yochipa, ya batire, yokhala m'cigoba conga poto, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, ndipo mtengo wace unali mapaundi 5. Agogo anali kusimba kuti tsiku logula wailesi linalinso tsiku lokwera mtengo, pakuti panafunika kukoka waya wautali kucokera pa nyumba kukafika ku nthambi. Wopanda waya anali kungomva phokoso ngati la mvula pa malata. Ngakhale Guglielmo Marconi, pamene analandira mafunde oyamba ooloka nyanja ya Atlantic pa 12 Disembala 1901, ku St John's m'dziko la Newfoundland, waya wace anaukweza m'mwamba ndi kaiti, monga amaseŵera ana. Nzeru yace njomweyo kufikira lero: turutsani eriyo panja, muikweze pamwamba.

Mwina wina adzafunsa kuti, nanga bwanji waya wa agogo unali wautali cotero, pamene kamlongoti ka lero kali ngati cala? Cifukwa cace ndi ici. Eriyo iyenera kulingana ndi utali wa funde limene ilikufuna kugwira, monga msampha ulingana ndi nyama yace. Mafunde amene Saucepan inali kugwira anali a mamita makumi angapo funde limodzi. Koma mafunde ena amene lamya zathu zimagwiritsa nchito amagwedezeka nthawi mamiliyoni 900 pa sekondi imodzi, ndipo funde limodzi liri masentimita 33 okha. Ena amagwedezeka nthawi mamiliyoni 1,800, ndipo funde lao liri pafupifupi masentimita 17. Kamlongoti ka mtundu uwu kamakwanira kakakhala gawo limodzi mwa magawo anai a funde, ndiko kuti masentimita 8 pa mafunde oyambawo, ndi masentimita 4 pa aciwiriwo. Musanyoze kucepa kwace, ndiponso musanyengedwe ndi wogulitsa wonena kuti yaitali ndiyo yamphamvu nthawi zonse.

Tsopano ndifike pa mtima pa nkhani yanga, ndipo pano ndipempha kuti mumvetsetse. Kamlongoti kaja si eriyo yathunthu ai, ndi theka cabe. Theka linalo ndi citsulo cimene kaimapo. Munaonapo bango loima m'madzi a bata ku dambo, m'mene limaonekera lalitali kawiri, lina m'mwamba lina m'madzi? Ndi momwe mafunde amakaonera kamlongoti koima pa denga la citsulo: denga licita ngati kalirole, nilikwaniritsa theka losowalo. Potero malata omwe aja amene anali kukutsekerani mau muli pansi pao, asanduka anchito anu mukaika eriyo pamwamba pao. Maginito sakoka mafunde monga ena aganizira. Nchito yao ndi kugwira basi, kuti kamlongoti kakhale cokhudzana ndi citsulo, osagwa ndi mphepo. Ndipo simufunika kupala utoto pamalopo, cifukwa mafunde ofulumira cotere amadumpha utoto wopyapyala popanda bvuto. Koma musayale nsanza kapena mphira yocindikala pansi pace, pakuti mudzafooketsa kugwira kwa maginito ndi nchito ya eriyo yomwe.

Ku sukulu ya mishoni kumene ndinaphunzira, mphunzitsi wathu wa sayansi anatipatsa maginito tsiku lina, natituma kuti tiyende nao pa sukulu ponse ndi kulemba zinthu zimene agwira ndi zimene akana. Ife tinayesa maseŵera. Phunziro limenelo linandithandiza patapita zaka zambiri, pamene ndinakomana ndi nkhalamba ina yacizungu ndi mkazi wace pa malo omwetsera mafuta pa mseu wa Great East. Anali pa ulendo wa ku Luangwa kukaona nyama, ndipo galimoto lao linali la mtundu uja wokhala ngati nyumba yoyenda, m'kati muli kama, mbaula ndi kabati. Nkhalambayo inali itagula eriyo ya maginito kuti izilankhula ndi ana ace kwao iri m'chire, koma ikaiika pa denga inali kungoterereka ngati sopo. Ndinakwera pa makwerero ao ndi kugogoda. Dengalo silinali la citsulo, linali la pulasitiki wolimba uja amapangira mabwato. Magalimoto ambiri otere ali ndi denga la pulasitiki kapena la aluminiyamu, kuti apepuke, ndipo maginito sagwira zonse ziwirizi. Pali kusiyana kumene muyenera kudziwa: aluminiyamu imagwira bwino nchito ya kalirole uja ngakhale maginito aikana, koma pulasitiki siicita ciri conse ca ziwirizi.

Ndinawatsogolera ku Kalingalinga, pa mseu wa Alick Nkhata, umene unachedwa ndi dzina la woimba ndi woulutsa mau wamkuru uja wa m'masiku a Saucepan. Kumeneko, monga mudziwa, amisiri oocherera zitsulo andanda m'mbali mwa mseu ndi zitseko ndi mafelemu ao. Mnyamata wina anatidulira cipande ca citsulo cosalala, masentimita 30 uku ndi uku, nazunguliza ngodya zace, nacipaka utoto woletsa dzimbiri. Tinacimata pakati pa denga ndi guluu wolimba wosaopa madzi, osaboola ngakhale kabowo kamodzi, ndipo anagona tsiku limodzi kuti guluu aume. M'mawa mwace kamlongoti kanagwira kuti gwa.

Inu a ku Matero, ndi ena onse okhala m'nyumba zakale za denga la asibesitosi, nkhani ya nkhalambayi ndi yanunso. Denga lanu maginito saligwira, ndiponso silicita nchito ya kalirole. Mufunika cipande ca citsulo conga cimeneco. Ngakhale thireyi yocha buledi ikwanira, malinga ikhale ya citsulo cimene maginito agwira, pakuti mapoto ndi zibvundikiro zambiri za m'makhichini mwathu nza aluminiyamu. Koma ndikucenjezani kolimba: musaboole kapena kuceka asibesitosi, cifukwa pfumbi lace limaononga mapapo, ndipo matenda ace amaoneka patapita zaka zambiri. Musapondenso pa denga lotere, limasweka mosacenjeza. Cipandeco cimangirireni pa mutu wa khoma kapena pa mtengo woimika pambali pa nyumba.

Za kaikidwe kace ndinena mwacidule. Kamlongoti kaime coongoka, mutu kumwamba, cifukwa kakapendama kwambiri kamataya mphamvu. Kakhale pakati pa citsulo, osati m'mphepete, kuti kalirole kakazinge mbali zonse. Pa galimoto, kaya ndi minibasi, kaya ndi lole ya amalonda opita kukagula ndiwo ku Mumbwa kapena ku Chongwe, kakhale patali ndi kaliyala ndi katundu, ndipo woyendetsa akumbukire nthambi za mitengo ndi zipata zazifupi. Pa nyumba, funani malo okwera, kutali ndi miyala, mabuloko ndi matayala amene timapsinjira malata. Ngati malata anu ali a mizere yozungulira, maginito sakhazikika bwino, ndipo pamenepo cipande cosalala cija cithandizanso.

Koma pa nthambo ndicedwapo pang'ono, pakuti ndipo ambiri amaphonya. Nthambo yocokera ku eriyo iri ngati ngalande ya mumcenga, imamwa madzi amene ilikupereka. Nthambo yopyapyala kwambiri, yonga imene imabwera ndi maeriyo ochipa, ikhoza kutaya theka la mphamvu m'mamita atatu kapena anai okha. Munthu akalumikiza mamita khumi kuti afike ku cipinda cogona, mphamvu yambiri yocokera pa denga yathera m'njira. Cabwino ndi kusendeza lamya kufupi ndi eriyo, osati kutalikitsa nthambo. Musaidule ndi kuilumikiza ndi manja monga ticita ndi waya wa nyale, cifukwa m'kati mwace muli waya wa pakati ndi ukonde womzinga, ndipo ziwirizi siziyenera kukhudzana. Musaipane ndi citseko. Ndipo isanalowe pa zenera, ilekeni igwe pansi pang'ono ndi kukweranso, kuti madzi a mvula adonthere panja m'malo motsata nthambo kulowa m'nyumba.

Nanga nthamboyo ilumikizidwa ku ciani? Apa pali cinthu cimene ogulitsa ena sanena. Lamya za m'manja za masiku ano ziribe polowetsa eriyo ya kunja. Cotero mufunika cimodzi mwa izi: kabokosi ka intaneti kaja anyamata amakacha rauta, ka mtundu wokhala ndi polowetsa eriyo kumbuyo, kapena lamya ya pa tebulo yolowetsa SIM, imene eriyo yace imamasuka ngati botolo. Tengani cipangizo canu popita kukagula, muyese ngati kamwa la nthambo lilingana naco, pakuti makamwa ali a mitundu ingapo. Azakhali tinawagulira lamya ya pa tebulo, titayesa m'sitolo momwemo kuti ilola manambala a nchito yao.

Pali cipangizo cina cacitatu, cochedwa busita, cimene cimalandira mafunde pa denga, kuwakuza, ndi kuwaulutsanso m'nyumba ndi eriyo yaciwiri. Pa ici ndilankhula monga munthu wa nchito ya wailesi. Munamvapo kulira koboola makutu kuja ku chalichi kapena pa maliro, pamene wolankhula ayandikiza maikolofoni ku cimkuzamau? Busita imacita comweco ngati eriyo ya panja imva eriyo ya m'kati, kungoti kulira kwace inu simukumva. Akumva ndi mlongoti wa kampani, ndipo obvutika ndi anansi anu onse, amene lamya zao zimayamba kuduka osadziwa cifukwa. M'komboni, m'mene mabanja khumi akhala pa bwalo limodzi, ici si cinthu cacing'ono. Lamulo la 2009 linakhazikitsa bungwe la ZICTA loyang'anira mafunde m'dziko muno, ndipo zipangizo zoulutsa mafunde ziyenera kukhala zobvomerezedwa ndi bungwelo. Musagule busita ya pa mseu musanafunse kumeneko kapena ku kampani ya lamya yanu. Eriyo wamba ya maginito siikuza kanthu, cotero iribe mlandu wotere.

Sindifuna kuti wina ataye ndalama zace cifukwa ca mau anga, tsono imvani zimene kamlongotika sikangathe. Sikangalenge mafunde pamene palibe. M'caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku, milongoti ya makampani inali kudalira mabatire ndi injini za dizilo, ndipo mlongoti ukazima, ngakhale mutakwera pa denga la nyumba ya Findeco simudzaumva. Sikangacepetsenso unyinji wa anthu. Ngati lamya yanu isonyeza timizere todzaza koma intaneti iyenda ngati kamba nthawi ya madzulo, bvuto siliri pa denga lanu. Anthu acuruka pa mlongoti umodzi, monga acurukira pa mpopi wa madzi m'mawa, ndipo kukhala ndi cidebe cacikuru sikufupikitsa mzere.

Njira yodziwira musanagule iripo, ndipo siilira ndalama. M'lamya zambiri za Android, pa malo osonyeza za SIM, muli nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo ndi malemba akuti dBm pambuyo. Nambalayo iposa timizere kunena zoona. Ikakhala yaing'ono, monga -75, mafunde ali amphamvu. Ikapitirira -105, ali ofooka. Kusiyana kwa 3 kuli konse kutanthauza kuwirikiza kawiri. Werengani nambalayo muli m'nyumba, mudikire pang'ono, muwerengenso mutakweza lamya pamwamba pa denga. M'kontena ya azakhali tinapeza -108, pamwamba pace -84. Kusiyana kwace ndi 24, ndiko kuwirikiza kawiri kasanu ndi katatu, ndipo amene sanaiwale masamu adzaona kuti pa denga panali mphamvu yoposa ya m'kati nthawi 256. Mukapeza kuti manambala awiriwo ali pafupifupi amodzi, sungani ndalama zanu.

Mau ena kwa anyamata, pakuti ndinu mudzatumidwa kukwera. Yang'anani m'mwamba musanaimike makwerero. M'makomboni mwathu nthambo za magetsi zimadutsa pafupi ndi madenga, ndipo munthu woima pa malata atagwira paipi ya citsulo safunika kucita zambiri kuti afe. Pondani pa mzere wa misomali, pamene pali mtanda kunsi, cifukwa malata akale amaonda ndi dzimbiri. Musakwere kukagwa mvula kapena kukacita mitambo ya bingu. Ndipo musamangirire kamlongotika pa nsonga ya paipi yaitali yoposa nyumba zonse, pakuti kumeneko ndiko kuitana mphenzi, ndiponso mwakacotsa pa kalirole wace. Bingu likayamba, masulani nthambo ku lamya, muiike patali ndi anthu.

Ubwino waukuru wa maginito kwa ife ndi wakuti safuna bowo. Ambiri a ife tikhala m'nyumba za lendi, ndipo mwini nyumba sangakondwere kuona msomali watsopano pa malata ace mvula iri pafupi. Kamlongoti aka mukhoza kukaika lero, ndipo tsiku losamuka mukanyamula m'thumba pamodzi ndi zikho. Kamodzi pa mwezi kakwezeni, mupukute kunsi kwace, cifukwa maginito amatola tizitsulo ta m'pfumbi la Ogasiti timene timakanda utoto, ndipo madzi obisala pamenepo amayambitsa dzimbiri.

Koma cimene cicoka mosabvuta m'dzanja la mwini cicokanso mosabvuta m'dzanja la wina. Ici ine sindinaciganizire, anaciganizira ndi azakhali. Titamaliza nchito, lamya yao italira koyamba ali cikhalire pa mpando, anandiyang'ana nati, "Tsono mwana wanga, usiku kazigona pamwambapo kokha?" Kucokera tsiku limenelo, mwana wao wacisamba amakwera pa mpando m'mawa uli wonse kukakaika pa malo amene tinalemba ndi utoto woyera, ndipo dzuwa likalowa amakatsitsa, azakhali nakakulunga m'citenje pamodzi ndi buku lao la ndalama.

Sabata la mawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za mabatire a dzuwa ndi kasamalidwe kace. Gonani bwino nonse.